Mwala Wanga Unali Wachinayi

Randburg, Joni
17 Ogasiti 2014

Amake Feliya,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Wimbe, inu ndi mwana wathu Feliya ndi kamwana kake kaja sindinakaone? Achimwene anu, alamu anga a Nelson, ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limayamba kudandaula kukazizira. Kuzizira kwa kuno si kwa ku Kasungu ayi, kumalowa mpaka m'mano.

Mukhululuke zilembo zanga. Mukudziwa kuti cholembera ndinachigwira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha, ndiye kalata imodzi imandidyera Lamulungu lonse. Komabe kuli bwino kulemba kusiyana ndi kuimba pa foni ya a Chance kugolosale, pomwe mawu anga amamvedwa ndi aliyense wobwera kudzagula mchere.

Ndapatsira a Yobu a basi marandi 400. Mugule mbewu ya fodya ndi mankhwala a pa nazale. Nazaleyo muyike kumunsi kwa dambo, osati paja pa chaka chatha, paja pali matenda. Nsanamira ziwiri za chigafa munati zadyedwa ndi chiswe, mupeze munthu azisinthe mitengo isanakwere mtengo.

Nkhani imene yadzaza kuno ndi ya foni. Akuti kukubwera foni yatsopano kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu akuidikira ngati mvula yoyamba. Palibe amene waiona, koma aliyense akuidziwa. A Lemani, mnzanga wa ku Simlemba uja ndimagona naye chipinda chimodzi, amamva zambiri kumene amatsuka magalimoto. Akuti foniyo sidzafuna nambala yotsegulira, idzangonunkhiza chala cha mwini wake n'kutseguka. Ndinawafunsa kuti nanga chala cha dothi ngati changachi idzachimva? Anati imeneyo si foni ya anthu a dothi, adada.

Madamu amene ndimawasamalira maluwa nawonso akuifuna. Lachitatu ndikudulira mpanda ndinawamva akuuza mnzawo kuti yatsopanoyo ikangofika, imene ali nayoyi sadzaifunanso. Imeneyo ndi yagalasi, yojambula zithunzi, ilibe ndi chipsera chomwe. Ndangokuuzani kuti mudziwe zimene makutu anga anatola.

Zina za kuno tidzakamba pamaso.

Ndine mwamuna wanu,
Jeremiya Mwale


14 Seputembala 2014

Amake Feliya,

Moni nonse pakhomopo. Ine ndadzuka, kuzizira kwayamba kuchepa.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti mbewu yamera pa nazale. Muzithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo udzu wophimbira muzichotsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Kamwana mwati kayamba kukwawa. Ine ndimayesa kuganizira nkhope yake, koma imatuluka nkhope ya Feliya ali wakhanda.

Mwezi uno ndatumiza 250 okha. Panali kavuto panjira ndi anthu a yunifolomu ofunsa mapepala. Kanatha.

Foni ija akuti kwawoko aionetsa kale pa kanema, koma kuno sinafike. Ndiye pakamwa pa anthu ikukula tsiku ndi tsiku. Ena akuti ndi yotakata ngati chikhatho cha mlimi. Ena akuti ndi yopyapyala ngati tsamba la fodya louma. Wina wa ku Dedza amene amagulitsa matumba pa siteshoni analumbira kuti ilipo yagolide, ndipo ukaigwetsa m'madzi imatuluka ikuyimbabe. A Lemani akuti ukaifunsa ngati mawa kugwa mvula imayankha ndi mawu a mzimayi. Ndinati ikakhala yotero aitumize ku Kasungu, kuno mvula aidziwirenji anthu osalima? Mtengo wake akuti ungagule ng'ombe ziwiri ndi ngolo yake. Zonsezi ine ndimangomvera, sindivomera, sindikana.

Koma Lachisanu ndinalimba mtima. Ndinavula chipewa n'kufunsa madamu za yakale ija. Anamwetulira, anati tiona, Jeremiya. Ndakhala nawo zaka ziwiri, tiona wawo nthawi zambiri amathera pa eya.

Taganizani, Amake Feliya. Foni pakhomo pathu penipeni. Ndikaimba, mukuyankha muli m'nyumba mwanu, chitseko chotseka. Kamwana mukukajambula, ine ndikukaona pa foni ya a Lemani tsiku lomwelo. Koma musauze munthu kaye.

Mundidziwitse ngati dzina lanu lalowa m'kaundula wa makuponi chaka chino.

Jeremiya


5 Okutobala 2014

Amake Feliya,

Moni. Ndikhulupirira chifuwa chija chakusiyani. Ine ndili bwino.

Ndinati musauze munthu, koma a Yobu potsika basi anandilonjera kuti bambo a foni yagalasi, ndipo akuti amayi onse a Mvano akudziwa. Sindikukwiya. Zaka zitatu ndili kuno chigwereni mitengo ya fodya ija. Ana a anzathu atumiza malata, mipando, wina mpaka njinga yamoto. Ine mdala ndatumiza chiyani? Sopo ndi bulangete. Ngati munayankhula, n'chifukwa choti mwakhala chete nthawi yaitali anzanu akuyankhula.

Ndipo tsopano zatsimikizika. Madamu anandiitana pakhonde. Anati sitolo idzalandira mafoni ochepa tsiku loyamba, ndipo anthu adzafola mzere kuyambira dzulo lake. Iwo sangathe kuima, ndiye ndikawagwirire malo kutsogolo. Akapeza yatsopano, yakale ndi yanga. Ndinati madamu, za mzere musade nkhawa, kwathu mzere ndi ntchito ya chaka ndi chaka. Ndinawauza za kudepoti ya feteleza, koma sindikudziwa ngati anamvetsa.

Tsopano mumvetsere bwino, pakuti apa ndaganiza masiku atatu ndisanalembe. Foni yagalasi si ngati ya a Chance yokhala sabata ndi moto umodzi. Iyi imafuna moto tsiku lililonse. Sindifuna muziyenda nayo kugolosale kukatchaja, aliyense aziigwiragwira ndi manja a mafuta. Pakufunika sola ndi batire pakhomo, zikhale zilipo foni isanafike. Ine panopa m'thumba mulibe.

Mwati dzina lanu lalowa, makuponi awiri. Ndiye akabwera, ya feteleza wokulitsa mukagulire feteleza monga mwa nthawi zonse. Koma ya wobereketsa mugulitse kwa mavenda mwakachetechete, mukagule sola ku boma. Wobereketsa safunika msanga, amadikira chimanga chifike m'mawondo. Pofika Disembala ine ndidzakhala nditatumiza ya thumba lathunthu, mudzagula kusitolo ngati anthu olemera.

Ndikudziwa kuti n'zoletsedwa. Ndikudziwanso kuti ine ndemwe ndinkanyoza anthu ogulitsa makuponi. Koma ife sitikugulitsira mowa. Alamu a Nelson asamve.

Fodya pa nazale mumudule nsonga kuti alimbe.

Ndine,
Jeremiya


9 Novembala 2014

Amake Feliya,

Moni kwa inu ndi onse. Kuno kwatentha, mvula yayamba kugwa masana ndi ziphaliwali zake.

Mawu anu ndawamva. Munalemba kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munalembanso kuti munda ndi wa malemu amayi anu ndipo kuponi ili m'dzina lanu, osati langa. Zonsezo ndi zoona, sindingatsutse ngakhale limodzi. Koma munachitabe zimene ndinapempha, ndipo ndathokoza. Sola mwati mwaiyika padenga la khitchini ndipo ana a pamudzi amabwera kudzaiyang'ana. Muziipukuta fumbi ndi kansalu kofewa.

Ndakondwa kuti thumba la wokulitsa mwalipeza. Mwati kudepoti mwala wanu wokugwirirani malo unakhala pa mzere masiku awiri inu mukupanga mizere kumunda, ndipo lole itafika munaupeza pomwe munausiya. Ndimo anthu amakhalira.

Tsiku lija ladziwika. Ndi Lachisanu likudzali, pa 14. Kuno anthu sakukambanso china. Akuti oyamba khumi pa mzere adzapatsidwa mphatso. Akuti kudzabwera a kanema kudzajambula. Akuti ogulitsa adzaimirira pakhomo n'kumaombera m'manja wogula aliyense ngati mkwati. A Lemani akuti ndivale jekete langa la kutchalitchi, mwina mudzandionera pa kanema ku Kasungu. Ndawauza kuti ine ndikupita kuntchito, osati kuchinkhoswe, koma jeketelo ndalisita.

A Yobu anyamuka kuno pa 24. Foni idzakhala m'kati mwa paketi ya shuga, yokulungidwa ndi sokosi, chifukwa cha ofufuza katundu pachipata cha m'malire. Musatsegule pagulu.

Mvula ikagwa yonyowetsa mpaka chikhatho, muokere fodya tsiku lomwelo. Chimanga mudzale kuyambira kumtunda.

Mundipempherere Lachinayi.

Jeremiya


23 Novembala 2014

Amake Feliya,

Moni. Ndili bwino.

A Yobu akupatsani shuga ndi sopo. M'shugamo musafufuze, mulibe kanthu. Pachitika kuchedwa pang'ono, mafoni sanakwanire anthu onse tsiku lija. Tidikire. Anthu akafunsa muziti ili m'njira.

Mwadzala? Mvula yagwa bwanji?

Sindilemba zambiri, dzanja latopa.

Jeremiya


14 Disembala 2014

Amake Feliya,

Moni ndikupereka, ngakhale sindikudziwa ngati muulandira. Thupi lili bwino.

Kalata yanu inali ya mizere isanu. Mwati a Ezelina, aja mwana wawo ali kuno, anabweretsa foni yawo kudzatchaja pa sola yathu, ndipo anakuonetsani vidiyo imene yazungulira Amalawi a kuno mpaka yafika kumudzi. Mdala wa jekete lakuda akukokedwa ndi alonda pakhomo la sitolo, akuloza pansi. Mwafunsa funso limodzi lokha, ngati jeketelo ndi lija munalisoka thumba. Ndi lomwelo.

Ndifotokoza pang'onopang'ono, monga zinachitikira.

Lachinayi lija madamu ananditula cha m'ma 3 koloko masana. Sitoloyo ili m'chinyumba chachikulu cha masitolo ambiri, koma khomo lake likuyang'ana panja, ndipo mzere unayambira pomwepo. Ndinapeza anthu atatu okha, ali ndi mipando yopinda ndi mabulangete. Ine ndinali wachinayi. Madamu anandisisita paphewa, anati abwera 8 koloko m'mawa, anandisiyira ya chakudya n'kupita.

Ndinali nditakonzeka. M'chikwama ndinali ndi mwala wosalala, waukulu ngati papaya, umene ndinasankha m'maluwa mwa madamu n'kuutsuka ndi sopo. Ndinakhala pamzerepo mpaka dzuwa litapendeka, kuti anthu andidziwe nkhope. Kumbuyo kwanga kunali kutafika ena ngati khumi. Kenako ndinachita monga timachitira kudepoti. Ndinayika chipewa changa pansi, mwala pamwamba pake. Ndinagwira chanza wa kutsogolo kwanga, ndinagwira chanza wa kumbuyo, ndinawalozera mwala, n'kudziloza pachifuwa. Onse awiri anagwedeza mitu akumwetulira. Ine ndinati amva. Ndinawamvera ndi chisoni chomwe, kuti agona panja ngati alibe kwawo pomwe miyala ili mbwee.

Mukudziwa inu, kwathu munthu angabe nkhuku, angabe chinangwa, koma mwala wa mnzake pa mzere sausuntha. Chiyambire makuponi sindinamvepo zotero. Sindinaganize kuti kuli dziko limene mwala ndi mwala basi. Ndiponso, ndinene zoona zonse, ndinaopa kugona pamsewu ndi mapepala angawa, ndipo bondo linali litayamba. Choncho ndinabwerera kukagona kuchipinda kwathu.

M'mawa ndinakwera takisi yoyamba. Ndinapeza mzere utazungulira chinyumba chonse mpaka koimika magalimoto. Ndinayenda m'mbali mwake mtima uli m'malo, ndikupereka moni. Kufika kutsogolo, pamalo pachinayi panali mtsikana wa tsitsi lofiira atakhala pampando. Chipewa palibe. Mwala ndinauona uli pakona, alonda atautsamiritsa chitseko chawo kuti chisatsekeke ndi mphepo.

Ndinakautenga kuti ndiubwezere pamalo pake. Ndinafotokoza m'Chizungu changa chochepacho. Chitandithera ndinapitiriza m'Chichewa. Ndinati, "Mwala wanga unali wachinayi. Afunseni awa, anaona." Wa kutsogolo uja, yemwe ndinamugwira chanza, ndi amene anayamba kuseka, ndipo ndi yemweyo anakweza foni kundijambula. Kenako mafoni anakwera ambiri. Alonda ataona mdala ali ndi mwala m'manja pafupi ndi magalasi, anaganiza zawo. Zotsalazo mwaziona nokha.

Madamu anandipeza nditakhala pakakhoma ka maluwa, kutsidya kwa msewu. Mafoni anali makumi anayi okha, anatha ola lisanakwane. Zoombera m'manja zija zinali zoona, ndinkazimva ndili pomwepo.

Ndikanakonda akanandikalipira. Poyamba nkhope inali itada, koma atamva za mwala anaseka mpaka anagwirira galimoto, misozi ikutsika. Loweruka kunabwera alendo kunyumba, anandiitana kuchokera kumaluwa kuti ndifotokozenso. Ndinafotokoza, nditapinda manja kumbuyo. Lamulungu lotsatira kunabwera ena. Ntchito ndi ntchito.

A Lemani anati adada, mukanandifunsa. Ndinati munthu safunsa njira ya kumunda kwake. Anati ndiye vuto lake, kuno si kumunda kwanu. Chiyambire tsiku limenelo sanatchulenso, ndipo vidiyoyo itafika pa foni yawo anaifufuta ine ndikuona. Ndi munthu wabwino.

Yatsopanoyo madamu anaigula patatha masabata awiri, popanda mzere, anangolowa n'kutuluka. Ndinaiona ili patebulo pakhonde. Ndi foni basi, yakuda. Yakale anaisiya kusitolo komweko kuti awachotsereko mtengo. Sindiwaimba mlandu. Pangano linali la mzere, ndipo mzere ndinautaya ndine.

Choncho foni kulibe. Sili m'njira, sinatsakamire pachipata, sidzabwera. Pomwe ndinkalemba kalata yaifupi ija ndinali nditadziwa kale kuti pangano lafa, ndipo ndinakutumani kuti mukanamize anthu m'malo mwanga. Inu mwaimirira pamaso pa amayi a Mvano masabata atatu mukunena kuti ili m'njira, mpaka mnzanu wakuonetsani mwamuna wanu ali m'manja mwa alonda, pa moto wa sola yomwe munagulitsira feteleza wanu.

Za thumba la wobereketsa sindinaiwale. Ndikuyesetsa.

Jeremiya


4 Januwale 2015

Amake Feliya,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu, Feliya ndi kamwana. Ndathokoza kuti mwandiyankha. Ndinayesa kuti a Yobu abwera manja okha.

Thumba lija ndinalonjeza silinatheke. Madamu anapita kunyanja ndi abale awo masabata atatu, ndipo kuno tsiku losagwira ntchito ndi tsiku losalipidwa. Zimenezi ndinkazidziwa, zimachitika Disembala aliyense, koma mwezi wa Okutobala ndinaiwala dala. Ndagulitsa wailesi yanga, a Yobu akupatsani 200. Sizikwana thumba, mwina kandowa ka kwa mavenda. Mulowetse dzanja mpaka pansi musanalipire, ena amasakaniza ndi mchenga. Muthire kumtunda kwa munda, kuja nthaka yatopa. Kumunsi kudzilimbira kokha.

Mwati mukutchajira anthu mafoni pa sola, ndipo mwagulapo kale mbale zitatu za wobereketsa. Nditawerenga pamenepo ndinayika kalata pansi kaye. Inu mukutolera ndi mbale chimene ine ndinataya ndi thumba.

Koma ndalemba makamaka chifukwa cha ichi. Mwati alamu a Nelson amva, a komiti ya makuponi anakuitanani, ndipo akuti dzina lanu mwina alichotsa chaka chamawa. Mwatinso munawayankha kuti munagulitsa mwa nzeru zanu, mwamuna wanu sakudziwa. Zimenezo ayi, Amake Feliya. Ine ndine mkamwini, ndinabwera pamudzi panu ndi khasu lokha, ndipo abale anu anandipatsa malo ogona ndi munda wolima. Sindingakusiyeni musenze mlandu wanga pamaso pawo.

Mu envulopu muno muli pepala lachiwiri, landitengera masiku awiri. Mukapereke kwa alamu, akawerenge pamsonkhano mokweza, asadumphe mzere. Muwapatsenso kalata yanga ya Okutobala ija, aone dzanja la amene analamula. Ofuna kuseka aseke, kuno ndazolowera. Koma dzina lanu alisiye m'kaundula.

Tsopano chinthu chimodzi. M'kalata yanuyi mwanena za fodya, za mbuzi, za denga lodontha, koma chimanga simunachitchule. Musanandiyankhe mupite kumunda. Muime pakati pa mizere, mundiuze chafika pati, m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo masamba ake ndi otani, obiriwira kapena achikasu. Ngati ndi achikasu mulembe kuti achikasu. Ine ndinakubisirani mwezi wathunthu, koma inu musandibisire ngakhale tsamba limodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Jeremiya Mwale